Seva ya Kuseri kwa Weyahausi

Ine ndi iye tinakwatira nyumba imodzi. Mkazi wanga ndiye woyamba kubadwa, wake ndi wopondana naye, ndipo apongozi athu ankakhala ku Bangwe, m'nyumba ya njerwa zootcha imene malemu amuna awo anaisiya isanapakidwe pulasitala. Tinkaitanana kuti achimwene ngakhale panalibe magazi pakati pathu. Poyamba tinkamvana ndithu, chifukwa mkamwini pakhomo la eni amasowa woseka naye kupatula mkamwini mnzake.

Ntchito ndinamupezera ndine. Izi ndizinene msanga, poti kubanjako palibe amazikumbukira. Ndinkagwira pa kampani ina yopikulitsa katundu: sopo, shuga, mchere, mafuta ophikira, makandulo. Eni magolosale a ku Ndirande, ku Zingwangwa ndi ku Chilomoni ankalawirira kudzapikula kwa ife, ndipo ine ndinali mmodzi wa olowetsa mitengo ndi malisiti mu kompyuta. Malo atapezeka ndinamutsina khutu, ndinamuphunzitsa zokayankha, mpaka tayi imene anavala tsiku la intavyu inali yanga.

Zinali zaka zija zipani zitachuluka, mavenda atadzaza m'makonde a m'tauni, aliyense akulankhula zakukhosi m'minibasi. Kampani yathu inali italangika kamodzi. Kompyuta yaikulu yosunga zonse, imene tinkaitcha seva, inangofa tsiku lina osatsanzika. Ogula anapsa ndi dzuwa panja, makalaliki akulemba malisiti pamanja, ndipo katundu wina sanadziwike komwe analowera. Abwana analumbira kuti zimenezo sizidzachitikanso, n'kuitanitsa katswiri wochokera ku Joni, bambo wofiira makutu amene ankatuluka thukuta ngakhale mu Juni.

Katswiriyo anabweretsa maseva awiri ofanana ngati mapasa. Seva imodzi anaiika m'nyumba ya maofesi, pamwamba. Inayo anaiika kutsidya kwa bwalo, kuseri kwa weyahausi, nyumba yosungiramo katundu, kuti moto ukabuka kwina usatenthe onse awiri. Anakumbitsa ngalande n'kukwirira chingwe cholumikiza awiriwo. Chilichonse chimene kalaliki walemba chinkalowa mu seva ya pamwamba, ndipo nthawi yomweyo chinkadutsa m'chingwe n'kukalembedwanso mu ya kuseri. Paketi ya shuga ikagulidwa, onse awiri ankadziwa. Ankafunsananso kosalekeza ngati mnzake ali moyo, ndipo ya pamwamba ikangolephera kuyankha, ya kuseri inkayenera kusenza ntchito yonse pomwepo, makalaliki osadziwa n'komwe kuti kwagwa maliro. Akuluakulu amati mapanga awiri avumbwitsa, koma bambo wa ku Joni uja ankati lovumbwitsa ndi phanga limodzi.

Katswiriyo anatiphunzitsa tonse awiri, ine ndi mkamwini mnzanga uja, benchi imodzi, masabata omwewo. Zimene ankadziwa mnzangayo ndinkazidziwa, zimene zinkandizungulitsa mutu nayenso zinkamuzungulitsa. Tsiku logawa makiyi abwana anatiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kunsapato, n'kupatsa mnzangayo kiyi ya pamwamba. Chifukwa chake sanatchule. Ine ndimaganiza kuti unali msinkhu, ndi Chingerezi chake chija chotulukira m'mphuno.

Chipinda chake chinali ndi kapeti, chitseko cha galasi, ndi eyakoni yozizira mpaka munthu kuvala juzi mu Okutobala. Alendo akabwera, abwana ankawakweza kukaona seva ngati akuonetsa khanda, mnzangayo ataima pambali, manja kumbuyo, akuvomera ndi mutu. Changa chinali kachipinda komwe kale ankasungamo matsache ndi masikelo owonongeka. Munali fani imodzi yoyang'ana seva, osati ine, ndipo fungo la sopo linkandilowa mpaka m'zovala zamkati. Iye atsikana a ku akaunti ankamuti a injiniya. Ine anyamata onyamula matumba ankanditi alonda a bokosi, ndipo ankabwera kudzasungitsa nsapato zawo kwa ine asanayambe ntchito.

Nsanje inandigwira, sindibisa. Inali nsanje yeniyeni, yoti ukamva mnzako akuseka kutsidya kwa bwalo chakudya chimakana kutsika. Chimene chinkandiwawa kwambiri n'chakuti seva yanga siinkagona. Inkalemba zonse zimene yake inkalemba, mzere ndi mzere, kuyambira m'mawa mpaka poweruka, koma wotamandidwa anali mmodzi. Posakhalitsa abwana anamuwonjezera ndalama ya nyumba, iye n'kusamukira ku Kanjedza, kunyumba ya mpanda wa maluwa. Ine ndinatsala ku Ndirande, kulimbirana mpopi ndi mabanja ena.

Lamulungu lina tili ku Bangwe kunabwera azimayi anzawo a apongozi ochokera kutchalitchi. Apongozi anamuloza iye poyamba.

"Awa ndi akamwini anga a makompyuta aja." Kenako anatembenukira kwa ine. "Awa nawonso amagwira komweko."

Mawu oti nawonso aja anandikhala pakhosi ngati munga wa nsomba. Alendo atapita ndinati ndikonze zinthu.

"Mayi, makina anga ndi awo ndi amodzimodzi. Zimene zili mwa awo zilinso mwa anga."

"Nanga anthu amagwiritsa ati?"

"Awo."

"Ndiye anuwo amatani?"

"Amadikira kuti awo afe."

Apongozi anagwira pakamwa. "Iii, bambo, zoterozo sanena. Ndi m'bale wanu ameneyo."

Onse anafa nacho chiseko, iye koposa, mpaka kumenya ntchafu. Koma apongozi sanaphonye kwenikweni. Ndinkadikiradi, ndipo ndinali ndi chifukwa. Kwacha inali ikugwa, makampani akuchepetsa antchito, ndipo mphekesera zinali zitalowa kale pageti pathu. Tsiku lina abwana akuyendera weyahausi anasuzumira m'kachipinda kanga.

"Kodi inu muno mumatani tsiku lonse?"

"Ndimaonetsetsa kuti awiriwa akufanana, bwana."

"Ndiye akufanana?"

"Akufanana."

"Nanga dzulo?"

"Ankafanana."

Anapukusa mutu n'kumapita. Pomwepo ndinadziwa kuti seva ya pamwamba ikapanda kufa ndi tsiku limodzi lomwe, woyamba kuuzidwa kuti akapume ndidzakhala ine. Ndiye dzinja likafika, mitambo ikada kuphiri la Ndirande, anzanga ankathawira mkati, ine ndinkaima pakhomo kuyang'ana denga la maofesi ndi chiyembekezo. Mphezi inkagwera kwina. Magetsi akathima, mabatire ankagwira ntchito yawo bwinobwino, ine n'kumatukwana chamumtima. Munthu wobatizidwa, kupempherera tsoka bokosi lachitsulo!

Chimene mphezi inalephera chinachitika ndi chinkhoswe. Mzime wa apongozi anapeza banja, ndipo mwambo unaikidwa Loweruka lina mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. Pogawana ntchito mnzangayo anadzigunda pachifuwa kuti zakumwa zikhala kwa iye, ndipo zidzafika zozizira. Apongozi analibe firiji, yake ya ku Kanjedza inali yaing'ono. Lachisanu masana ndinaona makreti a zoziziritsa kukhosi akukwezedwa pa masitepe a kumbuyo kwa maofesi.

"Achimwene, chipinda chija si firiji," ndinamuuza.

"Kuzizira kukungotayika kumeneku, achimwene. Mawa ndichotsa, palibe aone."

Loweruka tinkagwira mpaka masana, ndipo linali tsiku la chipwirikiti chifukwa aliyense ankafuna katundu wa kumapeto kwa sabata. Abwana Loweruka sankabwera. Mmodzi wa ife anayenera kutsala pa ntchito, ndipo poti iye anali wa zakumwa, wotsala ndinali ine. Mkazi wanga ndi ana analawirira ku Bangwe atavala za yunifomu ya chinkhoswe. Ine malaya anga a nsalu yomweyo ndinawapinda m'jumbo n'kukakhala ndi bokosi langa.

Dzuwa litakwera, seva yanga inalira kamawu kamene ndinangokamvapo nthawi yophunzira. Ndinayang'ana pa sikirini. Inali kunena kuti mnzake sakuyankha, ndipo tsopano ntchito yonse ili pa iyo yokha. Ndinathamangira pakhomo la holo yogulitsira. Mapulinta anali akulavula malisiti monga mwa masiku onse, mayi wina akukangana ndi kalaliki za mtengo wa mafuta, mzere ukusuntha. Palibe anadzutsa mutu. Anthu onse aja, ndi matumba awo, ndi ndalama zawo zomanga pa chitenje, anali pamsana pa seva yanga. Ndinabwerera m'kachipinda kanga, ndinatseka chitseko, ndinavina. Ndinavina ndekha pakati pa masikelo akale, mtima uli mbee, ngati mwana amene wamva dzina lake pa wailesi kuti wasankhidwa kupita ku sekondale.

Lamulo linali loti zikatero tiimbire abwana kunyumba nthawi yomweyo. Ndinanyamula foni. Ndinali nditakonza kale mawu ake kwa miyezi: osadandaula bwana, ya pamwamba yagwa, koma ya kuseri yagwira. Ndisanamalize kuzungulitsa nambala chitseko chinatseguka, mnzangayo n'kulowa. Chigawireni makiyi anali asanapondemo m'kachipinda kanga. Thalauzi linali litanyowa mpaka m'mawondo, nkhope itatuwa.

"Achimwene, ndafa ine."

"Inu muli moyo. Yafa ndi seva."

"Musaimbe. Chonde, ikani foniyo pansi."

Anafotokoza mawu akuthamangitsana. M'mawa anaona kuti kuzizira kwa eyakoni sikunakwane, ndiye anagula ayisi, n'kuika mabotolo m'bafa lalikulu la pulasitiki momwemo m'chipinda cha seva. Pobwera kudzatenga anati alikoke yekha kuti anthu asaone. Chogwirira chinathyoka, madzi onse khuthu pa kapeti, n'kuyenderera mpaka polowera magetsi. Kunamveka kuphulika, kenako fungo la waya wopsa.

"Lamulo ndi loti tiimbe," ndinatero, foni idakali m'manja.

"Akamva kuti ndinalowetsa madzi m'chipinda chija andichotsa lero lomwe. Mlamu wanu ndi woyembekezera, mukudziwa. Nanga amayi ku Bangwe ndikawauza chiyani, chinkhoswe chili masana ano?"

Anagwada. Munthu wamtali uja, wa Chingerezi cha m'mphuno, anagwada pa simenti yanga yafumbi, manja atawagwirizanitsa ngati ali paguwa. Ndinamusiya agwade kaye pang'ono, ndipo zinandikoma kwabasi.

Musandiyese munthu wabwino chifukwa ndinaika foni pansi. Ndinaganiza za mkazi wanga, mmene akanandiyang'anira moyo wonse ndikanachotsetsa ntchito mwamuna wa mng'ono wake, tsiku la chinkhoswe cha mzime wawo. Ndinaganiza za apongozi, amene akanakumbukira mawu anga aja n'kunena kuti ndinachita kupemphera. Komanso ndinadziuza kuti munthu wogwada chonchi sangaiwale. Tsiku la mavuto likadzafika adzandilankhulira, chifukwa yekhayo ndiye waona ndi maso ake chimene seva yanga imachita.

"Dzukani, muchedwetsa zakumwa," ndinatero.

Ndinatsala ndekha mpaka wogula womaliza atatuluka. Seva yanga siinatsokomole ndi kamodzi komwe. Potseka, mkulu wa makalaliki anadutsa pakhomo panga n'kunena kuti, "Lero zayenda bwino, a injiniya anasiya atakonza zonse." Ndinangoti eya.

Ku Bangwe ndinafika ankhoswe atasinthana kale nkhuku, anthu akuvina perekaniperekani pa bwalo ndi ndalama m'manja. Zakumwa zinali zitatha. Anandipatsa thobwa lofunda m'kapu ya pulasitiki, ndipo ndikumwa ndinkamva apongozi akuuza aliyense wodutsa kuti zoziziritsa kukhosi za lero zinali zowawitsa mano, akamwini awo a ku Kanjedza achita kuzitulutsa m'makina a ku ofesi. Iye anali atasintha thalauzi, akuvina pakati pa bwalo, azimayi akumululutira. Atandiona anandikwezera dzanja n'kupitiriza kuvina.

Pobwerera ku Ndirande ndinamuuza mkazi wanga zonse m'minibasi, chapansipansi. Anandigwira dzanja.

"Mwachita bwino, abambo. Koma zithere pompano. Amayi akamva kuti zakumwa za chinkhoswe ndizo zaononga makina a kampani, adwala."

Lamulungu titaweruka kutchalitchi ine ndi mnzangayo tinakumana ku ntchito awiriwiri. Tinaumitsa kapeti ndi fani yanga. Chimene chinapsa chinali kabokosi kolandirira magetsi mkati mwa seva, ndipo katswiri uja anali atasiya kena kapadera m'kabati. Tinasintha, tinayatsa, seva yake n'kudzuka. Koma inadzuka mbuli, yosadziwa chilichonse chimene chinachitika chikomokereni. Ndiye seva yanga inayamba kuiuza. Ndinakhala pa mpando wake wofewa ndikuonerera ntchito yonse ya Loweruka ikudutsa pansi pa bwalo, lisiti ndi lisiti, kuchoka kwanga kulowa kwake. Pomaliza sikirini inati awiriwo afanana. Lolemba m'mawa ya pamwamba inatenganso ufumu wake, ili ndi zonse, ngati kuti ndiyo inagwira. Yanga inabwerera kukadikira. Palibe tsiku limene nsanje inandiluma ngati limenelo, chifukwa ndinachita kupereka ndekha, ndi manja anga, ndipo makina anachita ndendende zimene anapangidwira.

Masabata oyamba mnzangayo ankandipatsa moni wa manja awiri. Kamodzi anandigulira chipisi masana. Kenako zinayamba kuzirala, ndipo pofika Khirisimasi anali atabwerera kuseka kwake kuja komveka kutsidya kwa bwalo.

Chaka chitatembenuka mphekesera zija zinasanduka zoona. Anthu ankaitanidwa mmodzimmodzi ku ofesi ya abwana n'kutuluka atanyamula envulopu. Ife anatiitana limodzi. Abwana sanali munthu wankhanza, ndipo anayamba ndi kutiyamikira kuti chiikireni maseva awiri kampani siinaimepo. Kenako anati anthu awiri pa ntchito imodzi sangathenso kuwasunga. Anatembenukira kwa ine.

"Ndiuzeni zoona, mwina pali zimene sindikudziwa. Seva ya kuseriyo inagwirapo ntchito yokha ndi tsiku limodzi lomwe?"

Ndinayang'ana mnzanga. Inali nthawi yake imeneyo. Akanangoti inagwirapo bwana, tsiku lina Loweruka, n'kupeka chifukwa china chilichonse, ine ndikanavomereza. Koma anali atazyolika, akuyang'ana kapeti ngati wataya singano. Mkazi wake anali atatopa, masiku atayandikira. Ndipo ine ndikanaulula, funso lotsatira likanakhala loti bwanji simunaimbe foni.

"Ayi, bwana," ndinatero. "Siinagwirepo."

Abwana anati seva ya kuseri ikhala, poti siidya kanthu, ndipo mnzangayo azingowoloka bwalo kamodzi patsiku kukaisuzumira. Anandithokoza chifukwa chonena chilungamo. Ndinatulutsa kiyi m'thumba n'kuika patebulo, mnzangayo n'kuitola osandiyang'ana. Pa masitepe anandipeza.

"Achimwene, ndikanatani? Tikanachoka tonse awiri."

Ndinapitiriza kutsika. Chinandipsetsa mtima koposa n'chakuti ankanena zoona.

Ndinabwereka tayipi yakale n'kuyamba kutayipira anthu makalata ofunsira ntchito pa kabenchi pafupi ndi msika wa Ndirande. Masiku ena zinkabwera, masiku ena ayi. Kumapeto kwa mwezi woyamba, Loweruka masana, kunamveka hutala panja pa nyumba yathu. Inali pikapu ya kampani, iye ali kutsogolo, kumbuyo kuli thumba la chimanga. Mwezi wotsatira anabweranso, wotsatirawo chimodzimodzi. Sankalowa m'nyumba. Ankatsitsa thumba pamsewu, aneba atatuluka kudzaonerera, ana akuzungulira galimoto. Ine ndinkadziwa chimene thumbalo linkalipira, iyenso ankadziwa, koma kwa anthu onse a mumzere wathu anali mlamu wamtima wabwino amene sataya abale.

Tsiku lina anapeza apongozi ali kwathu, atabwera kudzaona zidzukulu. Ataona thumba likutsika anaimirira pa mkeka, analuluta, n'kuitana mayi woyandikana nafe kuti adzaone.

"Mukuona, anzanga? Ine Mulungu anandikondera. Mkamwini mmodzi yekhayu akusenza nyumba zitatu, yake, yanga, ndi ino." Kenako ananditembenukira. "Bambo, mwathokoza?"

Mkazi wanga anali pakhomo, maso ali pa ine, akundipempha osalankhula. Mnzangayo anali akusewera ndi makiyi a galimoto.

"Zikomo, achimwene," ndinatero.

"Palibe kanthu," anayankha, akuyang'ana matayala.

Ndinawerama, ndinasenza thumba lija n'kulowa nalo m'nyumba, chifukwa ufa unali utatha dzulo lake ndipo ana anali asanadye.